Kapu ya majiki, lisiti lofufutika ndi kadontho ka pa botolo la katemera

Novembala akangolowa, pa shopu yosindikiza yomwe ndimagwira ntchito kuno ku Fordsburg mu Joni timakhala pa mpanipani ndi makapu a majiki. Aliyense wokwera basi ya kumudzi pa Khrisimasi amafuna anyamuleko kapu yakuda bii ija, yoti mayi ake akangothiramo tiyi patulukire nkhope yake atavala suti ataima pa Mandela Bridge. Amayi a Mvano amaoda yawo yokhala ndi vesi, a bridal shower yawo, anyamata ofuna kudolola chibwenzi chomwe anachisiya ku Mangochi kalekale nawonso yawo. Ndipo funso limakhala lomwelomwelo, "Achimwene, batire lake lili pati?" Bambo wina wachikulire anachita kuitembenuza kapuyo, kusuzumira kunsi, kugogoda ndi chala, kenako n'kunena kuti iwo sangawapatse akazi awo chinthu choti sakuchimvetsa, kumudzi anthu sachedwa kulankhula.

Mulibe batire, ndipo chithunzicho sichichokera kwina, chimakhala chilipo nthawi yonseyo koma chobisika. Makapuwa amabwera kuchokera ku fakitale atapakidwa kale utoto wakudawo, ife yathu ndi kusindikiza chithunzi papepala la sublimation, kulikulunga pa kapu, kumata ndi tepi yosapsa n'kuipanikiza mu mug press yotentha madigiri 180 kaya kuposerapo pang'ono kwa mphindi zingapo. Imatuluka mmenemo ili yoyera chithunzi chili poyera, nde ukaiika patebulo umachita kuona mdima ukubwerera pang'onopang'ono mpaka nkhope ija kumira. Pomuonetsa kasitomala ndimathira madzi a m'ketulo mochedwa dala, chifukwa chakudacho chimayamba kuchoka kunsi n'kumakwera motsatira madzi, kumayamba kuoneka nsapato, kenako thalauza, kenako tayi, mutu n'kumalizira. Chogwirira chimatsala chakuda poti kutentha sikufikako msanga. Ukathira madzi theka munthu amaoneka wopanda mutu, ndipo ana amakonda zimenezo kuposa chithunzi chathunthu kkkk.

Mu utoto wakudawo muli timakapusozi ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo m'kakapusozi kalikonse anatsekeramo zinthu zitatu. Muli utoto weniweniwo womwe amautcha leuco dye, muli asidi wofooka amene akagundana ndi utotowo mtundu umaoneka, ndiye muli mafuta olimba. Kukazizira mafutawo amagwirana ngati mmene amachitira mafuta a nyama mupoto m'mawa wa June, utoto ndi asidi n'kukhala zomatana, mtundu uli bii. Kutentha kukafika pomwe mafutawo amasungunukira, asidi amatayana ndi utoto, utotowo n'kusiya kumeza kuwala, basi maso amadutsa n'kuona zomwe zili pansi pake. Wopanga amasankha yekha malire posankha mafuta oti aikemo: wa makapu umasintha cha m'ma 45 kapena 50, ulipo wina wa 31 woti chala chokha chikwanitse, ndipo wa zakumwa zozizira anautchera pansi kwambiri. Kuno madzi amawira asanafike 100, cha m'ma 94 kaya 95 chifukwa Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, koma kwa kapu zimenezo ndi zambiri kale. Omwa Castle Lite mukuzidziwa izi, ka castle ka pa lebulo kaja kamasanduka kabuluu botolo likazizira mokwanira. Ine sindimwa koma ndimawaona anyamata ku Rosettenville akubweza botolo kwa wogulitsa ati silinafike buluu.

Mdani wamkulu wa utoto umenewu ndi dzuwa. Kuwala kwa UV kumauphwanya, ndipo dzuwa la kuno kumtunda silinyengerera ngakhale tsiku lozizira. Kapu yomwe imayanikidwa pathandala tsiku ndi tsiku kumudzi, pakatha miyezi chakuda chija chimayamba kumbuwa, nkhope n'kumasuzumira ngakhale mulibe tiyi, majiki atha. Achemwali ogwira ntchito m'nyumba za mabwana ku Sandton ndi Randburg, yanu musaiponye mu dishwasher, tsukani pamanja ndi siponji yofewa. Ena amandifunsa za ma T-shirt osintha mtundu ndipo ndimawakaniza. Zinayesedwa kale ku America, mu 1991 kampani ya Generra ya ku Seattle inatulutsa malaya otchedwa Hypercolor ndipo anagulidwa moopsa, koma taganizani malo omwe amayamba kutentha pathupi la munthu, ndi m'khwapa. Munthu ankayenda ndi zigamba ziwiri zowala m'khwapa, ndipo malayawo akachapidwa m'madzi otentha kapena kusitidwa ankafa mtundu osabwereranso. Pofika 1992 kampaniyo inali itagwa.

Utoto wa banja lomweli timayenda nawo m'matumba tsiku lililonse osadziwa. Lisiti la ku Shoprite, la pa ATM, lomwe amakupatsa ukatumiza ndalama kumudzi, onsewa makina ake alibe inki ngakhale dontho. Pepalalo ndi lopakidwa kale leuco dye ndi asidi wake, makina amangolitentha timadontho timadontho pomwe pakufunika chilembo, n'chifukwa chake simunaonepo cashier akusintha inki, amangosintha mpukutu. Tayesani kukanda lisiti mwachangu ndi chikhadabo patebulo lolimba, patuluka mzere wakuda, kukhuza kokhako kwatenthetsa. Koma ili analipanga mosiyana ndi kapu, likada silibwerera pozizira, limangofufutika lokha pakapita nthawi makamaka likakhala padzuwa, m'thumba lakumbuyo kapena likakhudza mafuta odzola. Nde munthu wagula TV ya guarantee ya chaka, miyezi ingapo yafa, akupita ndi kapepala koyera mbee kukakangana ndi manejala. Jambulani lisiti ndi foni tsiku lomwelo abale. Asidi amene ankaikidwa kwambiri m'mapepalawa ndi BPA, ndipo mayiko a European Union anamuletsa m'malisiti kuyambira Januwale 2020 poganizira ma cashier, makamaka oyembekezera, amene amagwira mapepalawa tsiku lonse. Mwana akamatafuna lisiti mulandeni.

Chomwe chimandimvetsa chisoni ndi zithunzi za sikani. Mayi woyembekezera wabwera ndi kachithunzi ka mwana ali m'mimba, akufuna tikamate pulasitiki kuti kasaonongeke akawatumizire apongozi. Pepala limenelonso ndi lamtundu womwewu, ndipo laminator imatentha kufika madigiri 100 n'kupitirira, nde likangodutsamo limatuluka lakuda lonse, mwana osaonekanso, ndipo palibe njira yolibwezera. Ine ndimati, "Mayi, tiyambe talijambula pa kompyuta tisindikize lina, limenelo ndi lomwe timate, lenilenili mukalisunge mu envelopu m'Baibulo." Ena amaona ngati ndikufuna kuwadyera ma rand owonjezera. Alipo mashopu m'tauni muno omwe amangolowetsa osafunsa.

Ndiye pali mabolopeni ofufutika aja a FriXion, a kampani ya Pilot ya ku Japan, omwe anayamba kugulitsidwa ku Ulaya mu 2006 ndipo ana asukulu kuno amawakonda heve. Kalabala ka kumapeto kwake sikakanda pepala, kamangotenthetsa inki pokhuza, ikafika cha m'ma 60 inkiyo imataya mtundu. Koma siichoka ayi. Ikani pepalalo mu freezer, kuzizira kukadutsa madigiri 10 pansi pa ziro zolemba zija zimabwerera, mwina mwambuu koma zowerengeka. Apa ndikuchenjeza alembi ndi asungichuma a magulu athu. Buku la chipereganyu, la gulu la maliro, kalata ya ngongole, fomu ya ku Home Affairs, musalembe ndi peni imeneyi. Dashboard ya galimoto yoima padzuwa masana a Januwale imafika 60 mosavuta, mukasiyapo bukulo mayina a omwe anasonkha onse mbee, nde mudzayamba kulozana zala pomwe wakuba ndi dzuwa. Komanso amene akukayikira kuti mlembi anafufuta nambala n'kulembapo ina, freezer ilipo, ziwiri zonse zidzaoneka zitasanjikizana.

Zonse ndanenazi zimayankha inde kapena ayi, kwatentha kapena sikunatenthe. Zomwe zimayesa kukuuza nambala ndi banja lina, la ma liquid crystal, ndipo mbiri yake ndi yakale kuposa mmene mungaganizire. Mu 1888 Friedrich Reinitzer, katswiri wa zomera wa ku Austria yemwe ankagwira ntchito ku Prague, ankafufuza za cholesterol wa m'makaroti. Anatenthetsa mankhwala otchedwa cholesteryl benzoate n'kudabwa kuti akusungunuka kawiri, pa madigiri 145.5 anasanduka madzi ambuu, pa 178.5 n'kuyera mbee, ndipo pozizira ankaphethira mitundu ya buluu ndi pepo. Analembera Otto Lehmann wa ku Germany, yemwe anatsimikiza kuti pakati pa malire awiriwo chinthucho chimayenderera koma tizidutswa take timakhalabe tosanjana mwadongosolo. Kwa zaka zambiri zinangokhala zodabwitsa za mu labu mpaka James Fergason wa ku kampani ya Westinghouse ku America anayamba kuzigwiritsa ntchito poona kutentha cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Sikirini ya LCD ya pa foni kapena TV yanu ndi m'bale wake wa zimenezi.

Tizidutswa take timasanjana mizeremizere, mzere uliwonse utapotoka pang'ono poyerekeza ndi wapansi pake, ndipo kutalika kwa kupotoka kumeneku ndi komwe kumasankha mtundu wa kuwala wobwerera m'maso mwathu. Kukamatentha kupotokako kumafupika. Nde zimayenda mozondoka ndi zomwe tinazolowera pa mipope ya kubafa, kufiira ndi kozizirirako, kubiriwira ndi pakati, buluu ndiye kotentha. Kunja kwa malire ake sikubwerera kuwala kulikonse, umangoona pepala lakuda lomwe anaika kumbuyo. Pa kalamba koyezera kutentha, kaya ka pa thanki ya nsomba kaya ka pachipumi, kabokosi kalikonse kali ndi msakanizo wakewake woti kayake pa digiri yake. Mu 1975 ku New York anaika zimenezi mu mphete n'kumagulitsa kuti zimaonetsa zomwe zili mumtima mwa munthu, buluu ndiye kuti uli pa mtendere, yakuda uli ndi nkhawa. Mphete zija zikadalipo ku China Mall, ndipo chomwe zimayeza ndi kutentha kwa chala basi. M'mawa wa July aliyense woima pamzere pa rank ya mataxi ya Bree ali ndi nkhawa malinga ndi mpheteyo.

Kalamba ka pachipumi ndi komwe ndili nako pa mkangano. N'kotchipa, sikasweka, sikafuna batire, mwana salira nako, ndipo amayi ambiri amakasunga m'chikwama. Koma kamayeza khungu osati thupi, ndipo khungu la pachipumi limatsatira mphepo, thukuta, chipewa chomwe mwana wangovula, heater yomwe anakhala pafupi nayo. Mwana wa thupi lotentha 38 n'kupitirira akhoza kukhala ndi chipumi chozizira ndi thukuta kalamba n'kumati zonse zili bho. Kwa ife izi si zocheza chifukwa cha malungo. Timapita kumudzi Disembala, nthawi ya mvula udzudzu uli pachimake, kubwerera Januwale, ndipo malungo amatha kudikira sabata imodzi, ziwiri kapena kuposerapo asanaonekere. Kuno ku Gauteng udzudzu wofalitsa malungo kulibe kwenikweni, choncho ku kiliniki choyamba kuganiza ndi chimfine, pokhapokha mutanena nokha kuti sister ndangobwera kumene kuchokera ku Malawi kudzera ku Tete, ndiyezeni magazi. Munthu wobwera ulendo umenewo akamva kuphwanya m'thupi asadikire kuti kalamba kavomereze. Thermometer ya digital yoika m'khwapa ku Clicks kapena Dis-Chem siidula kwambiri.

Koma pali malo amodzi omwe liquid crystal inagwira ntchito yolongosoka, ndipo dziko lathu lilimo mu nkhaniyo. Pali kasitika kozungulira kotchedwa ThermoSpot komwe amamata pa khanda, cha m'khwapa kapena pamimba. Thupi la khanda limafunika kukhala pakati pa 36.5 ndi 37.5, ndipo likakhala bwino kasitikako kamakhala kobiriwira ndi kankhope komwetulira, likazizira kufika pansi pa 35.5 kamada. Anakayesa ku Malawi ndipo zotsatira zake zinalembedwa m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2000. Nzeru yake ili poti sikafunsa mayi kuwerenga nambala, agogo oti sanapite kusukulu akhoza kuona kuti kankhope kasowa, mwana amuike pachifuwa khungu kukhungu monga amaphunzitsira pa kangaroo. Ana obadwa masiku asanakwane amazizidwa mwakachetechete osalira. Ndimaganiza za mikuku ya malata ya ku Diepsloot m'mwezi wa June m'mawa kuli chisanu pa udzu, kapena tsiku lija la 10 July 2023 pomwe kunagwa snow mu Joni, ndipo ndimaona kuti kasitika kameneka kakanayenera kupezeka mosavuta kuposa mphete za ku China Mall. Funso lomwe kamayankha ndi limodzi ndipo ndi loyenera khungu, pomwe ka pachipumi kamalonjeza nambala yomwe khungu silingapereke.

Tsopano kapu, lebulo ya mowa, kalamba, zonsezi zimaiwala. Zimakuuza za panopa, kukazizira zabwerera mwakale ngati sipanachitike kanthu. Pali gulu lina lomwe limasunga, likasintha lasintha, ndipo kwa ine limeneli ndiye lofunika kwambiri ngakhale silisangalatsa ana.

Amisiri osula makasu ndi nkhwangwa kumudzi anazidziwa kalekale popanda wowauza za labu. Chitsulo chopalidwa bwino chikamatentha pamwamba pake pamamera kachikutu kopyapyala kwambiri, ndipo kakamanenepa mtundu umasintha, chikasu cha udzu wouma cha m'ma 220, bulauni cha m'ma 250, pepo cha m'ma 280, buluu cha m'ma 300. Msuli amafiiritsa nsonga ya sompho pamoto, kuiviika m'madzi, kuikhula pamwala kuti iwale, kenako n'kumayang'anitsitsa mitundu ikuthamangira kunsonga, ikafika yomwe akufuna n'kuviikanso. Akafulumira nsonga imathetheka, akachedwa imapindika. Ndipo mtunduwo umatsala pomwepo chitsulo chitazizira. Anzathu oyendetsa njinga zamoto za ma delivery tayang'anani ekizozi pafupi ndi injini, chikasu ndi buluu ujayo ndi mbiri ya kutentha komwe paipiyo inaona. A ma welding opanga ma burglar bar nawo amadziwa kuti tchizulo yonoledwa pa grinder mpaka nsonga kusanduka buluu yafewa basi. M'zipatala muli tepi yomata pa mapaketi a zida, mizere yake imada paketi ikadutsa mu autoclave ya nthunzi ya madigiri 121, kuti nesi asasokoneze zophikidwa ndi zosaphikidwa.

Koma mfumu ya zonsezi ndi kadontho ka pa botolo la katemera. Amayi omwe munapitako kusikelo, kaya ku Ndirande kaya ku kiliniki ya ku Hillbrow, mwina munakaona osakalabadira. Pa lebulo kapena pa chivindikiro pali kabwalo kapepo, mkati mwake muli kabokosi koyererako. Amakatcha VVM. Kabokosi kamkatiko kali ndi mankhwala omwe amada pang'onopang'ono akamamva kutentha, kukatentha kwambiri amada msanga, kukazizira amachedwa, koma sabwerera m'mbuyo ngakhale mutalibwezera botololo mu filiji. Lamulo lake ndi lachidule: kabokosi kakakhala koyera kuposa bwalo baya, kakafanana ndi bwalo kapena kuda kuposa, taya, ngakhale deti lothera mphamvu lisanakwane. Kanapangidwa ndi bungwe la PATH mogwirizana ndi WHO ndi kampani ya ku America ya Temptime, ndipo kanayamba kumatidwa pa katemera wa poliyo wodonthezera m'kamwa mu 1996. Kalinso ndi mitundu malinga ndi kulimba kwa katemerayo, VVM2, VVM7, VVM14, VVM30, nambalayo ndi masiku omwe kabokosi kamatenga kuti kade pa madigiri 37. Wa poliyo wa m'kamwa ndi wosachedwa kufa, n'chifukwa chake amamupatsa wa masiku awiri.

Taganizani ulendo wa kabotolo kameneka. Katemera ambiri amafuna kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 kuchokera ku fakitale, pa ndege, m'nyumba yosungira ku Lilongwe, pa galimoto yopita kuboma, mu filiji ya pa health centre yomwe imadalira sola kapena magetsi a kwathu aja, kenako mu cooler box ya a HSA pa njinga yakapalasa kupita ku sikelo ya pansi pa mtengo ku Nsanje mwezi wa Okutobala kunja kuli 40. Kale kasanabwere kadonthoka munthu wazaumoyo anali ndi njira ziwiri zoipa, kutaya bokosi lonse pongokayikira kuti filiji inazima usiku, kapena kubaya ana mankhwala akufa osadziwa. Pano botolo lililonse limanyamula umboni wake. Mu February 2022 atalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo wachilengedwe, koyamba m'Malawi kuchokera 1992 ndiponso Africa itangolengezedwa mu 2020 kuti yathana naye, azaumoyo anayenda khomo ndi khomo dziko lonse kudontheza ana, ndipo pa ntchito yotere ya kuyenda dzuwa lonse ndi bokosi paphewa kabokosi kaja ndi komwe kamauza munthu kuti pitiriza kapena siya. Mayi ali ndi ufulu wopempha kuona botolo. Palibe nesi wabwino angakwiye nazo.

Koma kadontho kameneka kali ndi chofooka chimodzi, sikaona kuzizira kopitirira. Katemera ngati wa kafumbata, wa hepatitis B ndi wa matenda asanu uja amaonongeka akauma ndi ayezi, ndipo VVM imakhala ili yoyera mbee ngati zonse zili bwino. Pamenepo azaumoyo amagwiritsa ntchito njira ina, kukhutchumula botolo n'kuona mmene matope ake akukhalira pansi poyerekeza ndi lina lomwe aliumitsa dala.

Chimene chimandiwawa ndi choti ife a ku Joni timatumiza zinthu zosafuna kutentha tsiku ndi tsiku popanda umboni uliwonse. Makolo athu ambiri ali ndi shuga ndi BP, ndipo timawagulira mankhwala kuno n'kupatsira ma transporter a pafupi ndi Park Station. Phukusi limalowa mu thirela pansi pa lona, pamwamba pa matiresi ndi mafiliji, kudutsa Musina, kugona pamzere pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kenako Tete komwe ngakhale madzi a m'botolo amasanduka tiyi, mpaka Zobue ndi Mwanza, ndipo galimoto ikaonongeka panjira masiku amawonjezereka. Pa bokosi la mapiritsi ambiri analemba kuti sungani pansi pa madigiri 25 kapena 30. Insulin yosatsegula imafuna filiji ya 2 mpaka 8, yotsegula imapirira kutentha kwa m'nyumba pafupifupi milungu inayi, ndipo ikapsa ndi dzuwa nthawi zambiri siisintha maonekedwe, imangofooka. Gogo akubaya mokhulupirika m'mawa ndi madzulo shuga osatsika, ife kuno n'kumati mwina akuba nsima yambiri. Botolo la mowa lili ndi chouza mwini wake kuti lazizira bwino, la insulin ya pa pharmacy mulibe. Zinalinso chimodzimodzi mu 2023 nthawi ya load shedding ya stage 6, magetsi akuzima maola ambiri patsiku, nkhuku mu freezer imasungunuka masana tili kuntchito n'kuumanso usiku, paketi ili chimodzimodzi osaulula kanthu.

Masitika okumbukira kutentha alipo pamsika, makampani onyamula zakudya ndi mankhwala amawagwiritsa ntchito, ena ali ndi timawindo tomwe timada kamodzi kutentha kukadutsa malire ake osabwereranso. Vuto amagulitsidwa ambirimbiri pakamodzi, munthu wotumiza kabokosi kamodzi pamwezi sangagule. Transporter wonyamula katundu wa anthu ambiri sabata iliyonse akhoza, n'kumamata pa phukusi lililonse la mankhwala n'kuwonjezera kangachepe pa mtengo, ndipo ine ndingasankhe ameneyo kusiyana ndi wotchipa. Ndinawauzapo achimwene ena omwe amanditengera katundu, anangoseka ati makasitomala awo amafunsa za tsiku lofika basi, komanso kasitika kakada mlandu ukhala wa ndani.

Pakadali pano insulin musaipatsire thirela. Ipatseni munthu wokwera basi aisunge m'chikwama cha m'manja, mu kabokosi kozizira, ice pack atakulunga ndi thaulo kuti isagundane ndi botolo chifukwa insulin ikauma ndi ayezi yafanso, ndipo kalata ya dokotala ikhale pomwepo poti pa boda amafunsa. Kumudziko ngati kulibe filiji apemphe a pa health centre, kapena aisunge m'kachitini kotseka bwino mkati mwa mtsuko wadothi wonyowa pa mthunzi, osati pawindo kapena pansi pa malata.